Kodi Kalata Yanu Mwapatsira Yani?

Linali Lachinayi, pa 12 Ogasiti 2021, tsiku la masankho. Ambiri a ife kuno ku Chiparamba tinalawirira m'mbandakucha kukaima pamzere, ndipo dzuwa lisanafike pamutu tinali titabwerera kumudzi, chala chili bii ndi inki. Chimene chinatsala chinali kufunsana ndi ana athu okhala ku Lusaka ndi ku Migodi kuti kumeneko zinthu zili kuyenda bwanji. Koma dzuwa litapendeka, WhatsApp inangoti zii. Uthenga unali kulembedwa koma osachoka. Wina anati kapena bandulo yatha. Wina anakwera pachulu lamya ili m'mwamba, monga tinazolowera kuchita netiweki ikavuta. Sipanapite nthawi, mbiri inamveka kuti vutolo silinali la ku Chiparamba kokha ai. M'dziko lonse la Zambia WhatsApp inali itatsekedwa, ndipo Facebook, Messenger, Instagram ndi Twitter nazonso zinatsatira.

Madzulo a tsikulo anafika mwana wa mlongo wanga, mnyamata wochenjera ndi za malamya, amene anachokera ku Chipata kudzavotera kumudzi. Atandiona ndili kulimbana ndi lamya anaseka nati, "Atsibweni, musavutike. Bweretsani kuno ndikuikireni VPN." Anayandikiza lamya yake ndi yanga nasamutsiramo kapulogalamu kena. Patangopita mphindi zowerengeka, pamwamba pa galasi panaoneka kachizindikiro konga kiyi, ndipo mauthenga anayamba kugwa ngati ngumbi za mvula yoyamba. Usiku umenewo mnyamatayo anayenda khomo ndi khomo ngati sing'anga amene wadza ndi mankhwala atsopano. Panalibe ndi mmodzi yemwe, ine ndemwe, amene anafunsa kuti kapulogalamuko anakapanga ndani, amakhala dziko liti, ndipo n'chifukwa ninji ali kutithandiza kwaulere.

M'mawa mwake bungwe la Chapter One Foundation linakasuma ku Khoti Lalikulu ku Lusaka, ndipo khotilo linalamula ZICTA, bungwe la boma loyang'anira za mauthenga, kuti njira zotsekedwazo zitsegulidwe. Pofika pa 14 Ogasiti zonse zinali zitabwerera mwakale. Mu Malichi 2022 mbali ziwirizo zinagwirizana pamaso pa khoti kuti ZICTA sidzasokonezanso intaneti popanda lamulo loilola kutero, ndi kuti intaneti ikadzasokonezeka idzafotokozera anthu chifukwa chake pasanathe maola 36. Mlandu unathera pamenepo. Koma kakiyi kaja m'malamya ambiri sikanachoke, ndipo funso limene sitinafunse usiku uja likadali kudikira yankho.

Mthenga wa makalata

Ife amene tinakula m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 tikukumbukira mmene makalata ankayendera. Positi ofesi inali kutali, ndipo kalata yochokera ku Kitwe kapena ku Halale inkafikira kusukulu kapena kumishoni, n'kudutsa m'manja angapo isanafike kwa mwini wake. Chifukwa cha ichi, munthu amene anali ndi nkhani yoti isamveke, ya ndalama, ya ukwati kapena ya matenda, ankakonda kupatsira kalata yake munthu wapaulendo. Kawirikawiri inkafika bwino. Koma nthawi zina inkafika yomatidwanso ndi phala, ndalama za m'katimo zitachepa, ndipo nkhani yake inali itamveka kale pachitsime. Akuluakulu ankadziwa kuti kulambalala positi sikubisa kalata konse, koma kungoisamutsira m'manja ena. N'chifukwa chake asanapatsire munthu ankayamba afunsa: Ndi mwana wa yani? Amadya kwa yani? Anatumidwapo kale, ndipo zinayenda bwanji?

Awerengi okondedwa, VPN ndi mthenga wa mtundu womwewo. Zilembo zitatuzi zikuimira mawu a Chingerezi akuti Virtual Private Network. Masiku onse mukatsegula intaneti, zonse zimene mutumiza ndi kulandira zimadzera kwa kampani ya netiweki yanu, kaya ndi MTN, Airtel kapena Zamtel. Kampaniyo ikudziwani bwino, poti simu kadi yanu munalembetsa ndi chitupa chanu cha NRC, ndipo nsanja imene lamya yanu ikulankhula nayo imasonyeza dera limene muli. Mawu enieni a m'kati kawirikawiri siiwaona, chifukwa masamba ambiri a intaneti masiku ano ndi omata kale, ndipo mauthenga a WhatsApp akhala otsekedwa kuchokera kwa wotumiza kufikira kwa wolandira chiyambire Epulo 2016. Chimene imaona ndi adiresi ya pamwamba pa envulopu: mwapita kuti, nthawi yanji, ndipo mwakhalako nthawi yaitali bwanji. Poti imaona adiresi, ingathenso kukana kunyamula kalata zopita kumalo ena, monga zinachitikira pa tsiku la masankho lija.

Mukayatsa VPN, lamya yanu imaika kalata iliyonse mu envulopu yachiwiri ndi kulembapo adiresi imodzi yokha, ya kompyuta yaikulu ya kampani ya VPN, imene amaitcha seva, mwina ku Johannesburg, mwina ku London kapena ku Amsterdam. A netiweki amangoona kuti mukulemberana ndi seva imeneyo basi. Kumeneko envulopu yachiwiri ija imang'ambidwa, ndipo kalata imapitirira ulendo wake. Taonani tsono pamene pagona nkhani: zonse zimene a netiweki ankaona, tsopano akuziona ndi eni VPN. Akudziwa kumene mwachokera ndi kumene mukupita. Ndiponso, popeza mwalola pulogalamu yawo kukhala m'lamya mwanu ndi kugwira khomo lotulukira, ali pafupi nanu koposa mmene a netiweki analiri. Kampani ya netiweki ili ndi ofesi ku Chipata, ili ndi laisensi, ndipo mungathe kuisumira. Nanga uyu wa kakiyi mukamupeza kuti?

Sindikunena kuti kufuna VPN n'kulakwa. Zifukwa zake zilipo zomveka. Mu Malichi 2021 Pulezidenti Edgar Lungu anasaina lamulo la Cyber Security and Cyber Crimes Act, limene ambiri analidandaula kuti likupatsa boma mphamvu zambiri zomvetsera mauthenga a anthu. Mu Epulo 2025 Pulezidenti Hakainde Hichilema anasaina malamulo awiri olowa m'malo mwake, Cyber Security Act ndi Cyber Crimes Act, ndipo madandaulo sanathe: bungwe la maloya la Law Association of Zambia linatsutsa, ndipo ofesi ya kazembe wa America ku Lusaka inachenjeza nzika zake. Boma linayankha kuti malamulowo ndi oteteza anthu kwa akuba ndi onyenga, ndi kuti kumvetsera mauthenga a munthu kumafuna chilolezo cha khoti. Abale athu a ku Tete nawonso anaona intaneti ikudulidwa ndi masamba ochezera akutsekedwa kumapeto kwa Okutobala 2024, pa chipwirikiti cha pambuyo pa masankho a ku Mozambique. Munthu wofuna kumva ngati mwana wake ali moyo sangaimbidwe mlandu pofunafuna njira ina. Chofunika n'chakuti adziwe amene wamupatsira kalata.

Amadya kwa yani?

Funso loyamba ndi la chakudya. Ma seva amalipiridwa mwezi ndi mwezi, magetsi amalipiridwa, antchito amalandira malipiro. Ngati inu simukulipira kanthu, ndiye kuti alipo wina amene akulipira, ndipo mthenga amamvera amene amamudyetsa.

Mu 2016 ofufuza a bungwe la CSIRO la ku Australia, pamodzi ndi anzawo a m'mayunivesite, anayesa mapulogalamu a VPN okwana 283 a m'malamya a Android. Anapeza kuti 18 mwa 100 alionse sanali kumata n'komwe kalata, ndiko kuti envulopu yachiwiri ija panalibe. 38 mwa 100 anali ndi zizindikiro za tizilombo ta pakompyuta kapena zotsatsa malonda zoipa. Ndipo atatu mwa anayi alionse anali ndi tizipangizo ta makampani ena tolondalonda zochita za mwini lamya. Papita zaka kuchokera nthawi imeneyo, koma nkhani zotsatira zikusonyeza kuti khalidwelo silinafe.

Tamvani ya Onavo. Iyi inali kampani ya ku Israel imene Facebook inagula mu 2013. Inkapereka kwaulere VPN yotchedwa Onavo Protect, n'kumalonjeza kuteteza zinsinsi za anthu. Koma m'seri inkauza Facebook mapulogalamu amene anthuwo ankagwiritsa ntchito ndi nthawi imene ankathera pa iliyonse, kuti Facebook idziwe opikisana nayo amene akukula msanga. Mu Ogasiti 2018 inachotsedwa m'sitolo ya Apple, mu 2019 inatsekedwa, ndipo mu Julayi 2023 khoti la ku Australia linalamula makampani awiri a Meta, eni Facebook, kulipira madola a ku Australia 20 miliyoni chifukwa chosocheretsa anthu. Apa sipanali chigawenga chobisala m'tchire ai. Inali imodzi mwa makampani olemera koposa padziko lapansi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Palinso malipiro ena oopsa kuposa amenewa. Ma VPN ena amabwereketsa khomo lanu kwa alendo inu osadziwa. Mu 2015 zinaululika kuti Hola, VPN yaulere imene inali ndi anthu mamiliyoni ambiri, inkagulitsa intaneti ya anthu akewo kudzera m'kampani ina yotchedwa Luminati, kotero kuti munthu wina wakutali ankatha kuyenda pa intaneti akuoneka ngati ndi inu. Mu Meyi 2024 boma la America linalengeza kuti laphwasula gulu lotchedwa 911 S5, ndipo mkulu wake, YunHe Wang, anamangidwa ku Singapore. Gululi linkagawa ma VPN aulere monga MaskVPN ndi DewVPN, ndipo kudzera mwa iwo linalowa m'makompyuta a ma adiresi oposa 19 miliyoni m'mayiko pafupifupi 200, n'kumabwereketsa ma adiresiwo kwa akuba ndi onyenga. Taganizani mbala ikuvala nsapato zanu usiku, n'kukaba mbuzi, n'kubweza nsapatozo pakhomo panu kusanache. Olondola mapazi akafika pa nyumba ya yani?

"Sitisunga kaundula"

Pafupifupi VPN iliyonse imalemba ndi zilembo zazikulu kuti siisunga kaundula wa zochita za anthu ake. Mawu amenewa ndi osavuta kulemba, ndipo inu muli ku Chiparamba mulibe njira yokasuzumira m'kabati ya ku Hong Kong kapena ku Panama. Mu Julayi 2020 ofufuza anapeza seva ina itasiyidwa yosakhoma pa intaneti. Inali kugwiritsidwa ntchito ndi ma VPN aulere asanu ndi awiri a ku Hong Kong, ena mwa iwo UFO VPN, Fast VPN, Super VPN ndi Flash VPN. Onse ankanena kuti sasunga kanthu. M'katimo munapezeka kaundula wa matelabaiti 1.2: ma imelo, mawu achinsinsi olembedwa poyera, ma adiresi a anthu ndi masamba amene ankatsegula. Onaninso kuti mayina asanu ndi awiri anali kudyera m'mbale imodzi. Amene anachotsa imodzi n'kuika inzake poganiza kuti wasintha mthenga, anangomusinthira chipewa.

Ngakhale olipiritsa anagwidwapo. Mu 2017 apolisi a FBI anamanga mwamuna wina ku Massachusetts amene ankazunza mayi wina pa intaneti, ndipo umboni wina unachokera kwa PureVPN, kampani imene inkalengeza kuti siisunga kaundula. Ine ndikuti n'zabwino kuti munthu woipayo anagwidwa, ndipo sindimumvera chisoni. Komabe lonjezo lija linapezeka loperewera, ndipo kampaniyo inachita kusintha malamulo ake ndi kuitana ofufuza akunja kuti anthu ayambenso kuikhulupirira.

Kodi tsono palibe amene anayesedwa n'kupezeka woona? Alipo, ndipo umboni wawo ndiwo wolemera koposa malonjezo onse. Pa 18 Epulo 2023 apolisi a ku Sweden anafika pa ofesi ya Mullvad mumzinda wa Gothenburg ndi chikalata cha khoti, kuti atenge makompyuta okhala ndi mbiri ya makasitomala. Eni kampani anawasonyeza kuti mbiri yoteroyo kulibe, ndipo apolisiwo anabwerera chimanjamanja. Kampani imeneyi siifunsa dzina kapena imelo. Imangokupatsani nambala, ndipo imalola ngakhale kulipira ndi ndalama zoika mu envulopu n'kutumiza pa positi. Chimodzimodzi, kazembe wa Russia Andrei Karlov ataphedwa ku Ankara mu Disembala 2016, apolisi a ku Turkey analanda seva ya ExpressVPN pofufuza mlanduwo, koma sanapezemo kaundula. Mthenga amene anamusecha m'matumba pa msewu, kalata n'kupezeka kuti sanaikopere, ameneyo tingayambe kukamba naye.

Poti si kampani iliyonse imene apolisi anaiyendera, makampani ena amaitana okha ofufuza akunja kuti adzaone ma seva awo ndi kulemba lipoti. TunnelBear inayamba mwambo umenewu mu 2017 poitana kampani ya ku Germany ya Cure53, ndipo NordVPN inaitanapo PwC ndi Deloitte. Izi n'zabwino, monga momwe zilili bwino kuti mabuku a kopaletivu aziwerengedwa ndi munthu wakunja. Koma tisaiwale kuti wofufuzayo amalipidwa ndi wofufuzidwa, amaona zimene wasonyezedwa, ndipo amaona za masiku amene anabwera okha. Lipoti labwino ndi lokhala ndi dzina la ofufuza, chaka chake, lotheka kuliwerenga aliyense, ndiponso lobwerezedwa chaka ndi chaka. Kungolemba kuti "tinafufuzidwa" osatchula wofufuza kuli ngati munthu wonena kuti ali ndi mboni koma mboniyo ili paulendo.

Ndimayang'ananso mmene kampani imachitira ikalakwa. Mu Malichi 2018 munthu wina anathyola seva ina ya NordVPN ku Finland, koma anthu anauzidwa mu Okutobala 2019, mbiri itayamba kale kumveka kwina. Kuthyoledwa kungagwere aliyense. Kukhala chete n'kumene kunadetsa anthu nkhawa.

Ndi mwana wa yani?

Pano mpamene ambiri timagwa ulesi, chifukwa kufufuza mwini kampani ndi ntchito yotopetsa. Komatu safunsa anadya phula. Mu Epulo 2025 bungwe la ku America la Tech Transparency Project linalengeza kuti mwa ma VPN aulere 100 otchuka koposa m'sitolo ya Apple ya kumeneko, 20 anali a makampani a ku China, ndipo ambiri ankabisa zimenezi kuseri kwa mayina a makampani olembetsedwa m'mayiko ena. Turbo VPN, imene achinyamata ambiri amaidziwa, inatchulidwa kuti inali yolumikizana ndi kampani ya Qihoo 360. Vuto langa si dziko la China. Malamya ambiri amene tili nawo m'matumba anapangidwa komweko. Vuto ndi kubisa. Mlendo wokana kutchula kwawo, amfumu samupatsa malo.

Ngakhale mayina akuluakulu ali ndi nkhani yake. Kampani ya Kape Technologies inagula CyberGhost mu 2017, Private Internet Access mu 2019, ndipo mu 2021 inagula ExpressVPN pa mtengo wa madola 936 miliyoni. Chaka chomwecho inagulanso kampani imene ili mwini wa vpnMentor ndi Wizcase, masamba amene ntchito yawo ndi kuuza anthu VPN yabwino koposa. Nayonso NordVPN inaphatikana ndi Surfshark mu 2022. Sindikuti makampani amenewa ndi achinyengo. Ndikungoti mukawerenga tsamba lakuti "ma VPN khumi abwino koposa chaka chino", kumbukirani kuti masamba ambiri otere amalandira kangachepe pa munthu aliyense wogula kudzera mwa iwo, ndipo ena ndi a banja limodzi ndi amene akuwayamikirawo. Pofunsira mbeta sitifunsa khalidwe la mnyamata kwa nkhoswe yake yokha.

Kudziwa kwawo kwa kampani kumathandizanso pa chifukwa china: aliyense ali ndi mfumu yake, ndipo amamvera malamulo a kumene amakhala. Mu 2022 dziko la India linalamula makampani a VPN kusunga mayina ndi ma adiresi a makasitomala awo kwa zaka 5. ExpressVPN, Surfshark ndi NordVPN anasankha kuchotsa ma seva awo m'dzikomo m'malo momvera, ndipo kuchita kotero kunasonyeza kumene mtima wawo unali. Ku Switzerland, kumene malamulo a zinsinsi amatamandidwa, kampani ya Proton inakakamizidwa ndi akuluakulu a boma mu 2021 kupereka adiresi ya pa intaneti ya munthu wina wa ku France amene ankagwiritsa ntchito imelo yake. Nkhaniyo inali ya imelo, osati ya VPN, koma phunziro lake n'lomveka: palibe kampani imene antchito ake adzalowe m'ndende chifukwa cha inu. Chimene chingakutetezeni si kulimba mtima kwawo, koma kuti asakhale ndi kanthu kopereka.

Nanga ife a m'thumba lochepa?

Ndikudziwa zimene ena a inu mukunena: zonsezi n'zabwino, koma ndalama zake zichokera kuti? Mullvad imalipiritsa mayuro 5 pamwezi, ndalama imene mu 2025 inali yoposa K100, ndipo makampani ambiri amafuna kadi ya ku banki imene mlimi wa mtedza ndi thonje alibe. Si zaulere zonse zili zoipa, malinga zikhale zofotokoza poyera kumene chakudya chawo chichokera. Proton VPN ili ndi gawo laulere lopanda zotsatsa malonda, limene limalipiridwa ndi makasitomala ake olipira, ndipo chiyambire 2020 mapangidwe a mapulogalamu ake ali poyera kuti akatswiri aziwayesa. Psiphon, imene inabadwira ku University of Toronto ku Canada mu 2006, inapangidwa kuti izitsegula njira zotsekedwa, ndipo eni ake amanena okha mosabisa kuti cholinga chake si kubisa munthu kotheratu. Ine wonena malire a mphamvu zake ndimamukhulupirira koposa wolonjeza zonse. Sindili kugulitsira aliyense malonda pano. Ndangotchula awa kuti muone kusiyana kwa amene amayankha mafunso ndi amene amawazemba.

Chinthu chimodzi chokha ndikupemphani ndi mtima wonse: musalandire VPN yosamutsidwa kuchokera m'lamya ya mnzanu kapena yotumizidwa pa gulu la WhatsApp, monga ndinachitira ine. Pulogalamu yotero ingakhale itasinthidwa panjira, ndipo dzina lokhalo ndilo lingakhale loona. Itengeni ku Play Store, muwerenge dzina la kampani ndi adiresi yake pansi pa tsambalo, ndipo muone zimene ikupempha. VPN siifunika kuona mayina a anzanu, zithunzi zanu kapena ma SMS anu kuti igwire ntchito. Ikapempha zimenezo, ndi mthenga amene mwamutuma kalata koma akufunsa kiyi wa kuchipinda.

Tidziwenso zimene ngakhale VPN yabwino koposa singachite, chifukwa ena amayenda modzitama ngati amwa mankhwala osaoneka. Mukalowa pa Facebook ndi dzina lanu, Facebook ikudziwani, ndipo chimene mwalemba poyera chawerengedwa ndi onse. Ngati ndi chipongwe kapena bodza loipitsa mnzanu, kakiyi sikadzakuimirirani kukhoti. Kuimba lamya, ma SMS ndi ndalama za pa mobile money zimene timatumiza podina manambala sizidzera mu VPN konse. Nsanja ya netiweki ikudziwabe kumene muli. Wonyenga uja wolemba kuti "ndalama ija mutumize pa nambala iyi", kapena woimba ngati wa kukampani n'kupempha PIN yanu, VPN siimuletsa, poti iye sathyola khomo, mumamutsegulira nokha. Ndipo msewu wonse ukatsekedwa, mthenga alibe podzera: ku Uganda, pamene boma linazimitsa intaneti yonse pa 13 Januwale 2021 kwa masiku pafupifupi asanu, VPN sinathandize kanthu.

Kapulogalamu kanga kaja kanakhala m'lamya miyezi ingapo. Batire linayamba kutha dzuwa lisanalowe, bandulo ya sabata inkatha masiku atatu, ndipo pagalasi pankatulukira zithunzi zotsatsa malonda, zina zosayenera kuonedwa ndi adzukulu amene amabwereka lamya kuti aonere mpira. Mnyamata uja atabweranso kumudzi nthawi yokolola, tinakhala pansi pa mtengo wa mango n'kufufuza pamodzi. Adiresi ya kampani panalibe, koma imelo yokha yonga ya munthu wamba. Chikalata cholonjeza za zinsinsi chinali cha Chingerezi chothyokathyoka, ndipo pakati pake panali dzina la pulogalamu ina, kusonyeza kuti anangokopera kwa ena. M'ndandanda wa zimene tinakaloleza munali mayina onse a m'lamya mwanga ndi malo amene ndili.

Mnyamatayo anakhala chete kanthawi, kenaka anati, "Pepani atsibweni, tsiku lija tinali pa changu. Nanga akadzatsekanso tidzatani?" Ndinamuyankha kuti tisankhiretu lero, kukadali bata, kuti tsikulo likadzafika tisadzatolenso chilichonse chogwera m'manja. Tinachotsa kakaleko, ndinasintha mawu achinsinsi a imelo ndi a Facebook, ndipo tinaika ina yochokera ku Play Store imene eni ake, dziko lawo ndi malipoti a ofufuza tinaziwerenga ndi maso athu. Imakhala yozimitsa; ndimaiyatsa pokhapokha ndikalumikiza lamya ku Wi-Fi ya eni ake ndikapita ku Chipata. Titatha, iye anang'amba pepala m'kope la mdzukulu wanga nayamba kulemba makomo onse amene anayendamo usiku wa masankho uja. Anakwana khumi ndi anayi, ndipo anayambira kwa azakhali ake kuseri kwa dimba.